Kutsanzikana ndi Mayi Eneless Nakhumwa, Amene Anamasula Odwala Pazingwe

Bungwe la Mtima Pansi, Luchenza, Thyolo

Kwa banja la a Nakhumwa, abale, anansi ndi onse okhudzidwa ndi zovutazi,

Ife a bungwe la Mtima Pansi, lomwe limathandiza odwala matenda a m'maganizo m'midzi ndi m'maesiteti a tiyi ozungulira Luchenza, talandira ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Eneless Nakhumwa, amene anayambitsa bungwe lino, ndipo atisiya Lachiwiri lapitali atadwala khansa kwa nthawi yaitali. Ngakhale tinkaona thupi lawo likutha, mawu akuti apita anatidzidzimutsabe. Komabe sitibisa kuti pakati pa misozi yathu mitima yakhala pansi, chifukwa ululu umene unawasautsa watha, ndipo zimene iwo ankaziopa kwambiri sizinachitike.

Mayi Nakhumwa anali wothyola tiyi, ndipo ntchito imene tikuwakumbukira nayo inayambira pakhomo pawo. Mlongo wawo wamng'ono, a Elson, atayamba kuyankhula okha ndi kuyendayenda osagona, ena ankati alodzedwa, ena ankati ndi chamba, mpaka banja, posowa pogwira, linawamanga chingwe pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Mayiwa sanapirire kuona zimenezo. Anapita nawo kuchipatala ku Boma, kumene namwino wa matenda a m'maganizo, Mayi Daisy Mukhito, anawauza kuti nthendayo ili ndi mankhwala. A Elson atapeza bwino, mayiwa sanakhale pansi. Ankati, "Mlongo wanga wachira chifukwa ine ndili ndi miyendo. Nanga amene alibe womuyendera?"

Kuyambira pamenepo anayenda khomo ndi khomo akaweruka kumunda, kulumikizanitsa anthu amene kale sankakhalirana pansi. Abusa a mipingo yosiyana anavomera kulengeza paguwa kuti kudwala m'maganizo si tchimo. Akabaza a pasiteji ya Luchenza, amene ankathawa akaona wodwala, anayamba kunyamula odwala ndi owaperekeza. Sing'anga wina wotchuka, a Gogo Muhowa, anawalandira ndi ukali: "Mwabwera kudzandilanda anthu anga?" Iwo anayankha, "Ayi bambo, anthu ndi anu. Ndikungopempha kuti amene wakukanikani musamumange, mutitumizire." Lero a Muhowa ndi amodzi mwa otitumizira odwala ambiri. Pomaliza akuluakulu a esiteti anatipatsa chipinda pakiliniki yawo, ndipo Mayi Mukhito anayamba kubwera mwezi ndi mwezi ndi mankhwala. M'chipinda chimenecho amayi othedwa nzeru atangobereka apezamo owamvera, ndipo abambo amene ntchito imawathera chilimwe chikafika aphunzira kuyankhula zakukhosi m'malo moganiza zodzipha.

Matenda atawagoneka, mantha awo oyamba anali akuti ntchitoyi ifera limodzi nawo. Manthawo sanali opanda pake, pakuti manijala watsopano wa esitetiyo anatiuza kuti chipinda chija akufuna asungiremo feteleza. Ife tinazolowera kuti pakavuta amayankhula ndi Mayi Nakhumwa, koma tsopano sakanatha ngakhale kudzuka. Tinapita tokha ku ofesi: abusa, a Muhowa, mkulu wa akabaza, ndi ena amene anachira ndipo akuthyolanso tiyi pa esiteti yomweyo. Manijalayo atazindikira kuti mmodzi mwa akapitawo ake odalirika amalandira mankhwala m'chipindamo, pakuti kapitawoyo anaimirira kudzinenera yekha popanda manyazi, anati feteleza amupezera malo ena. Titakawauza mayiwa pamphasa pawo, anaseka movutikira n'kuti, "Kodi mumatha kuyankhula? Nanga zaka zonsezi munkangonditopetsa bwanji?"

Mantha achiwiri anali a mlongo wawo. Tonse tinkaopa kuti imfa ya munthu amene anali mzati wawo ibwezera a Elson m'matenda, moti Mayi Mukhito anapempha kuti uthenga wa imfayo akawauze ndi iwo. A Elson analira monga alirira munthu aliyense wotaya mbale wake, ndipo atapukuta misozi anati, "Achemwali apuma. Musandiyang'ane ndi nkhawa choncho, anamwino, mankhwala anga ndamwa kale. Tumizani uthenga kwa amalume ku Thekerani." Kuchokera nthawi imeneyo akhala pasiwa kulandira anthu ndi kutonthoza ana a malemuwa, ndipo mamembala athu akusinthana kukhala nawo pafupi masiku ano ndi akubwerawa.

Tikudziwitsanso onse kuti tsiku la kiliniki mwezi uno likugwa mkati mwa sabata ya maliro. Tinaganiza zolisuntha polemekeza malemuwa, koma mwana wawo wamkulu, Tamanda, anakana: "Wina mankhwala amuthera. Mayi akanakukalipirani. Tsegulani." Choncho Lachinayi chitseko chidzatseguka nthawi yake, ndipo aliyense wovutika mumtima kapena m'maganizo abwere osaopa.

Kwa inu ana a malemuwa, a Tamanda ndi a Leonard, kwa inu a Elson, ndi kwa banja lonse, m'malo mwa mamembala onse, anamwino, abusa, asing'anga, akabaza ndi onse amene anachira, ndikuti pepani, pepani kwambiri. Munatibwereka mayi anu kwa zaka zambiri, nthawi zina inu mukuwasowa pakhomo, ndipo sitidzaiwala. Mulungu wachitonthozo akulimbitseni mitima, ndipo tsiku limene chisoni chidzakulemereni, kumbukirani kuti nanunso muli ndi malo pakati pathu.

Mzimu wa Mayi Eneless Nakhumwa uuse mumtendere.

Crispin Makwinja
Wapampando, Bungwe la Mtima Pansi