Ndodo za gofu za adada

Lachiwiri, 4 June

Kezia 10:12
ndafika pa jenda, katundu watumiza pa basi uja ndalandira

Kezia 10:13
lumbani ichi nchani

Lumbani 10:31
kkk zafika! ndodo za gofu achemwali. za adada

Kezia 10:32
ndatseka salon, ndakwera minibus kuchokera ku boma ndikuyesa ndi makina oyezera bp unalonjeza aja. mxm

Lumbani 10:40
🎤 0:48
"Achemwali, tamverani kaye. Kuno ku Joni, pabwalo lomwe ndimatchetcha kapingali, pamabwera azigogo a zaka 80. Amayenda mtunda wautali osazindikira, maso ali pa kampira. Adokotala anati adada aziyenda tsiku lililonse kuti sitiroko isabwerenso, eti? Ndiye njira yake ndi imeneyi. Magazi amayenda bwino, miyendo imalimba, nkhawa imachepa."

Kezia 10:44
chimwalirireni amama munthu amakana nkukafika pa geti pomwe. amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu. gofuyo akasewerera kuti kuno ku mzimba?

Lumbani 10:45
kudambo kuseri kwa nyumba

Kezia 10:45
kuli ng'ombe za eni ake

Lachisanu, 7 June

Lumbani 12:05
zikuyenda?

Kezia 13:20
adada anaziyang'ana nkunena kuti "zaka 31 ndagwetsa paini ku viphya, lero mwana akunditumizira timitengo topanda ntchito." imodzi ndikugwetsera mapapaya

Lumbani 13:21
aaa achemwali imeneyo ndi 7 iron!!

Kezia 13:22
ndiye bwera udzaiuze

Lachitatu, 12 June

Kezia 16:02
uyankhe foni iwe

Kezia 16:09
ok usayankhe. anabwera a Nowa, anzawo a ku sawmill aja. anaona ndodo nkuyamba kuwaseka adada kuti ndi dzanja lofookalo sangamenye ngakhale dzira. mbwenu adada anadzuka. akumba kadzenje kudambo, ayikamo chitini

Lumbani 17:30
MWAONA!!! ayenda!

Kezia 17:31
amenya ng'ombe ya a Chester panthiti. a Chester abwera ku salon kudzandikalipira m'chitumbuka pamaso pa makasitomala. ndapepesa ine, osati iwe

Lumbani 17:33
ng'ombeyo ili bho?

Kezia 17:33
ukufunsa za ng'ombe

Loweruka, 22 June

Kezia 14:10
adada kulibe pakhomo. mankhwala a masana sanamwe, ali patebulo

Kezia 14:26
📞 sanayankhe

Kezia 14:27
📞 sanayankhe

Kezia 14:50
kudambo kulibe. kwa a Nowa kulibe. foni asiya pa mpando

Kezia 15:18
lumbani plz

Kezia 15:41
akagwa kutchire ndani awaona? zikachitika zina usadzandiuze za magazi kuyenda bwino

Kezia 16:35
ndawapeza

Lumbani 17:02
achemwali sorry foni inali mu locker. ali bwanji?? ali kuti??

Lumbani 17:04
yankhani chonde

Kezia 17:25
🎤 1:31
"Ukudziwa kumene ndawapeza? Kutsidya kwa mtsinje, kupitirira dimba la a Maggie. Akuti dzenje limodzi linawakwana, anapita ndi a Nowa kukasaka malo a lachiwiri. Aterereka pamatope, agwa, bondo lasupuka. A Nowa kuti awadzutse, nawonso pansi! Ndapeza madala awiri ali khale m'matope, akukangana kuti wapambana ndani. Ine ndikulira, iwo akuseka mpaka misozi. Ndawakoleka paphewa mpaka kunyumba, msana wanga sukuwongoka. Iwe umangotumiza zinthu, Lumbani. Wonyamula ndine."

Lumbani 17:31
ndalakwa achemwali. zibiseni ndodozo, asapitenso

Kezia 17:48
ndinabisa kale pansi pa bedi langa

Kezia 18:15
ndazibweza

Lumbani 18:16
??

Kezia 18:20
chaka ndi miyezi itatu sindinamvepo akuseka. ndinali nditaiwala kuti amaseka ngati galimoto yokana kulira. usandifunsenso

Lachinayi, 4 July

Kezia 11:40
tachokera ku chipatala. bp yatsikako pang'ono. anesi akuti apitirize kuyenda, koma mankhwala asadumphitse ndipo asamapite okha. ndiye panopa 6 koloko m'mawa ndimakhala kudambo ndi chikwama cha ndodo kumsana, kuzizira konseku

Lumbani 11:52
kkkk mwasanduka caddie. yewo chomene achemwali, zoona

Kezia 11:53
usaseke. sindinakukhululukire

Kezia 11:58
mipira yatsala iwiri, ina inalowa mumtsinje

Lumbani 12:00
nditumiza ina month end

Kezia 12:06
akana. akuti ubwere nayo wekha, akufuna akugonjetse pamaso pa a Nowa. dzenje lachitatu akuti ndi lako, salola munthu kuliyamba

Lumbani 12:31
achemwali nkhani ya mapepala anga mukuidziwa. ndikatuluka kuno sandilolanso kulowa

Kezia 12:32
ndikudziwa

Kezia 12:33
ali pompano akupukuta ndodo, akufunsa kuti wayankha chani

Kezia 12:50
lumbani ndiwauze chani?

Kezia 14:15
lumbani