Chitseko cha Kabati Yathu

Bodil wanga,

Usaitane apolisi, m'nyumba muno simunalowe wakuba. Chitseko cha kabati yathu ya mtengo wa tiki ndachotsa ndine.

Kabati ya adokotala a ku Aarhus ija ikwera sitima mawa, ndiye m'mawa uno chitseko chake chang'aluka ndili mkati mochimangirira. Abwana Thorvald angogwira mutu. Akuti, "Ejvind, tikaikapo thabwa lina mizere ya mtengo siigwirizana, ngakhale wakhungu aona." Apo ndakumbukira kuti kabati yathu ya ukwati ndinaipala kuchokera pa chipika chomwecho. Ndathamanga pa njinga kudzakupempha, ndapeza wapita kumsika. Pepa, mayi.

Amayi ako akabwera kudzamwa khofi masana, uwakhazike moyang'ana pa zenera. Akafunsa, uwauze kuti muno mu Copenhagen fasho yake ndi imeneyo, mbale zizionekera. Kabatiyo usaipukute ndi nsalu yonyowa, mafuta amene ndapaka sanalowerere. Chitseko china ndipanga lisanafike Loweruka.

Koma nawenso ndiwe kathyali. Nditachotsa chitsekocho, kuseri kwa mbale za Khirisimasi ndapeza timasokosi tiwiri toluka, toti chala changa chachikulu sichingalowemo bwino. Ndakhala pansi pomwepo, abwana akundidikira. Umafuna undiuze liti?

Ndiye za Loweruka zija ndanama. Thabwa labwino latsala limodzi lokha, ndipo ndiyamba ndi kabedi ka mwana. Amayi ako azolowere kuona mbale.

Ejvind wako