Pikapu yanga yakale ikundisaukitsa, koma ndiyo imanyamula maliro a mudzi wonse

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala kufupi ndi Chifunga kuno ku Neno. Ndili ndi pikapu ya dizilo imene ndinagula mu 2011 ili kale nkhalamba. Imeneyi ndiyo yandiphunzitsira ana, chifukwa ndimapita nayo kumapiri kukapikula mbatatesi ndi manachesi n'kukagulitsa pa Zalewa. Batire ikafooka ndimaiimika pamtsetse kuti m'mawa ndingoitsetsereza mpaka ilire, ndipo tinazolowerana motero.

Vuto ndi pampu ya dizilo. Yafa katatu pa chaka chimodzi ndi theka. Makaniko wanga, a Bernard a pa Lisungwi, akuti yatopa kukonzedwa, ikufunika ina ya K900,000. Ndalama yomwe ili m'nyumba ndi ya feteleza basi. Pali bambo wina wa ku Mwanza amene akufuna kugula galimotoyi momwe ililimu, ndipo wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti ndimuyankhe.

Akazi anga, a Esnart, akuti ndigulitse. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bambo a Tikondane, pakhomo pano tilipo akazi awiri, koma wodya bwino ndi uyo wogona panjayo." Ndinaseka, koma zinandilowa.

Chikundimanga manja n'chakuti m'mudzi mwathu galimoto ndi yokhayi. Kukagwa maliro, kapena wina akadwalika, amagogoda kwathu. Sindilipiritsa, poti maliro n'kulirana. Ndimangowauza kuti athire mafuta, iwo n'kubwera ndi chigubu cha dizilo chogula kwa mavenda a m'mbali mwa msewu. Paulendo wanga wa geni ndimakathira ndekha pomwetsera mafuta pa Zalewa.

Mwezi watha tinanyamula thupi kuchokera kuchipatala cha Lisungwi kupita ku Matope. Tili pachitunda, galimoto inayamba kutsokomola, kufuka utsi woyera, kenako zii. Amuna anatsitsa bokosi n'kulisenza pamapewa, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi makiyi m'manja. Manyazi amenewo sanandichokebe. Maulendo awiri oyamba aja inafanso patangopita masiku ochepa titachoka kumaliro, moti ena ayamba kunong'ona kuti galimoto yanga inalowa mphepo.

Ndikagulitsa, geni yanga yatha ndipo anthu adzati ndawathawa. Ndikasunga, munda ukhala wopanda feteleza. Nditani?

W.K., Chifunga, Neno

Bambo W.K.,

Werenganinso kalata yanu modekha, chifukwa yankho mwalilemba nokha. Mukathira dizilo wa pa Zalewa galimoto imakwera mapiri itasenza mbatatesi. Ikamwa wa m'chigubu imadwala. Katatu konse yafa paulendo wa maliro kapena pambuyo pake, inu n'kumamvera za mphepo. Ine sindine makaniko, koma ndafunsa odziwa, ndipo akuti dizilo wa m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini, ndipo choyamba kuvulala ndi pampu. Sindinganene motsimikiza ndili kuno, koma ndikukayika ngati ukalamba ndiwo ukupha galimoto yanu.

Choncho musamuyankhe msanga wa ku Mwanzayo. Sabata ino itanani a Bernard akhuthule thanki inu muli pomwepo, mafutawo muwaike m'botolo loonekera mkati kuti muone chokhala pansi. Muwafunsenso mosapita m'mbali za injini yeniyeniyo: kodi ikudya oyilo, ikutentha, ili ndi mphamvu? Ndi bwinonso kumva maganizo a makaniko wina, poti K900,000 si yoperekera pa mawu a munthu mmodzi. Ngati onse awiri akuti injini yatha, gulitsani mwezi usanathe ndipo musayang'ane m'mbuyo. Chitsulo si m'bale wanu.

Ngati injini ili bwino, galimotoyi ndi yosunga, chifukwa ndiyo khasu lanu. Koma malamulo asinthe. Chigubu chisayandikirenso thanki yanu. Ofuna thandizo azikupatsani ndalama ya mafuta, inu muzisunga dizilo wabwino wogula nokha, kuti ngakhale uthenga ubwere mwadzidzidzi musasowe pogwira. Sefa ya mafuta muzisinthanso pa nthawi yake, osadikira kuti galimoto itsokomole.

Kenako pitani kwa akuluakulu a mpingo ndi a komiti ya maliro. Musakaloze chala anamfedwa, iwo anagula chimene anapeza ndipo sankadziwa. Kangowauzani kuti galimoto imene imawanyamula yagona, ndipo simungaidzutse nokha. Mudzi umene umasonkha ufa ndi nkhuni pamaliro ungathenso kusonkha kangachepe pamwezi ka matayala ndi pampu. Mwakhala mukuchita manyazi kupempha, koma taonani kumene manyaziwo anakufikitsani: pachitunda, makiyi m'manja. Akakana kusonkha, ndiye kuti akuuzani okha mtengo umene amaikapo pa galimotoyo, ndipo mudzagulitse mtima uli m'malo.

Mawu a mayi akunyumba musawatenge ngati nthabwala chabe. Akuuzani mwaulemu kuti atopa. Khalani nawo pansi, muwaonetse zimene galimoto yabweretsa chaka chino ndi zimene yadya, ndipo mugwirizane malire: ikadzafunanso ndalama yoposa apa, ipite. Malirewo atchule ndi iwo.

Chenjezo langa ndi ili: ndalama ya feteleza musaikhudze, ngakhale a Bernard atalumbira kuti pampu yatsopano ikhala zaka khumi. Ngati pampu iyenera kudikira zosonkha za mudzi ndi phindu la manachesi, idikire, galimoto siola pokhala pamtsetse miyezi iwiri. Anthu a kwanu aonetsa kale kuti bokosi amatha kulisenza pamapewa. Koma munda wanu ukalephera, palibe amene adzabwere ndi chigubu cha chimanga.

Aphungu