Tepi Yanu ya Mbali Ziwiri

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira makina anu osokera akulirabe, ndipo alamu ndi ana ali bwino. Ine kuno ndili gwa, moti ndikulemba ndikuseka ndekha.

Paja ndinkadandaula kuti yunivesite ya kuno indibweza chaka chonse. Makirediti, aja amawerengera maphunziro amene munthu wamaliza, anga ochokera kwathu ankangokwana theka la a anzanga. Lolemba ndinalowa mu ofesi misozi ili lengelenge. Mayi wa mmenemo anayang'ana pepala langa, n'kufunsa, "Kwanu mumawerenga maola ati?"

Ndinati, "Amene tili m'kalasi, aphunzitsi ali kutsogolo."

Anaseka. "Ife timaphatikiza ndi amene mumavutika nokha mulaibulale. Kirediti imodzi ya kwanu, kuno ndi ziwiri."

Achemwali, ndinakumbukira tepi yanu yoyezera, mbali ina mainchi, ina masentimita. Si munandikalipira tsiku lija ndinawerenga mbali yolakwika, malaya a mwini n'kutuluka ngati a mwana? Nsalu ndi yomweyo, kungoti kuno anatembenuza tepi!

Ndiye ndimaliza chaka chino. Diresi la tsiku lolandira digiri musoka ndinu, palibenso wina. Koma muyeso uja munatenga ndisananyamuke muuiwale. M'chiuno ndi pamimba musiyemo malo, osaumira nsalu. Mnyamata uja ndinkati amangondisungira mpando mulaibulale akupereka moni mwaulemu kwambiri. Zikuoneka kuti maola amenewo nawonso awerengedwa.

Amayi auzeni za makirediti zokha kaye.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.