Makompyuta mazana awiri, mwana mmodzi

Lolemba, 2 Seputembala
Chipinda cha makompyuta. Kuzizira ngati m'firiji, mafani kulira tsiku lonse. Abwana akuti ndisachoke mpaka ntchito yowerengera kusefukira kwa mtsinje itatha. Mwana wanga ayamba sukulu Lolemba likudzali. Miyezi inayi osamuona. Ndikufuna ndikamuperekeze ndekha mpaka pageti. Makompyuta makumi anayi agawana ntchitoyi, adzamaliza pa masiku khumi. Ine ndili ndi masiku asanu ndi limodzi.

Lachiwiri, 3 Seputembala
Ndapempha makompyuta mazana awiri, andipatsa. Mutu umodzi susenza denga. Masamu anga akuti masiku awiri basi. Mkulu wokonza makina anangopukusa mutu: "Achemwali, mukachulutsa antchito mwachulutsanso odwala." Nkhalamba ndi mantha ake.

Lachitatu, 4 Seputembala
Masiku awiri aja anali maloto. Kompyuta ikamaliza gawo lake imadikira inzake, onse kudikira yochedwetsetsa. Masana imodzi inazima. Imodzi yokha! Ena onse kuima, kubwerera pomwe tinasungira ntchito komaliza. Kusungako nakonso kumadya mphindi makumi awiri pa ola lililonse. Ndaletsa kusunga, sindinauze munthu.
Bambo a mwana wanga atumiza chithunzi chake atavala yunifolomu. Yaikulu, manja sakuoneka n'komwe. Ndalira m'chimbudzi, mpopi uli chotsegula.

Lachisanu, 6 Seputembala
Maola makumi anayi popanda yozima. Ntchito yatsala pang'ono chabe. Pafoni mwana wandifunsa, "Amayi, tsitsi mudzandiluka ndinu?" Ndati eya. Chikwama ndalongedza, chili pakhomo. Ndikumusowa mpaka chakudya sichikulowa.

Loweruka, 7 Seputembala
Kompyuta nambala 117. Fani yake inaima m'mawa, inatentha, n'kuzima. Chosungidwa palibe kuyambira Lachitatu. Masiku atatu apita m'madzi, wowataya ndine.
Mkulu uja sananene kuti ndinakuuzani. Anangondikokera mpando. Bola akanandikalipira.
Tayambiranso ndi makompyuta 80, kusunga ola lililonse. Akuti mwina Lachinayi. Kunyumba sindinaimbe. Ndiyambira pati?

Lolemba, 9 Seputembala
Ndinafika kuntchito molawirira, foni m'manja. Makompyuta onse ali bwinobwino lero, osachita manyazi.
Bambo ake aimba ali pageti. Akuti mwana sanalire. Wawatsanzika, walowa osacheuka n'komwe. Amandiuza kuti mtima ukhale pansi.
Ndikanangoona ngakhale msana wakewo.