Tayala Lodyeka Mbali Imodzi

Lukwa, Kasungu

Okondedwa achimwene a Ernest,

Muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija munkadandaula nacho nthawi yozizira chinatha? Kuno tadzuka. Amayi miyendo ndi yomwe ija, koma akudya bwino. Mwana wanga Tiyamike akupita kusukulu. Dzuwa ndiye latentha, nazale ya fodya tikuthirira m'mawa ndi madzulo.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni mukaona kuti ndine simukuyankha, ndipo yangayi amabwereka akazi anu, alamu a Lefina, ndiye sindingasiyemo mawu awa. Ndapatsira a Vincent a thiransipoti kuti akupatseni pamanja.

Nkhani ndi ya galimoto yanu. Mukukumbukira tsiku lija munaiimika m'chigafa, mukudzitama kuti matayala ake ndi osaphwa, ngakhale abayidwe ndi msomali amayendabe, n'chifukwa chake ilibe sipeya? Makiyi munapatsa amuna anga, a Lucious. Munanena pamaso pa tonse kuti ntchito yake ndi kutenga amayi kupita nawo kutchalitchi ndi kuchipatala, basi.

Tayala losaphwa lija lafa, achimwene, lakutsogolo kumanzere. Linang'ambika m'mbali tikuchokera kutchalitchi, amayi ali momwemo. Mwamwayi timayenda pang'onopang'ono.

Mawa lake tinalikweza pangolo kupita nalo kwa a Usumani, omata matayala aja. Atalivula, m'kati munatuluka fumbi lakuda ngati makala osinja. Anapukusa mutu, akuti palibe chigamba chingagwire. Akuti matayala amenewa ndi ochindikala m'mbali, ndiye mpweya ukatha sakhala pansi ngati enawa, diso silingaone. Koma mphamvu imeneyo ndi yongokufikitsa kwa okonza. Ili linathamangitsidwa mtunda wautali lilibe mpweya, mpaka linapsa m'kati.

Kenako anandionetsa mano ake. Mbali yakunja mano onse alipo, mbali yam'kati ndi dazi lokhalokha. Linzake lakumanja, ndinadzaliona kunyumba, chimodzimodzi. Akuti zimatero galimoto ikamamenya maenje itasenza katundu, miyendo yake imapotoka. Anafunsa akuseka ngati tinayamba matola.

Matola ati? Njira yakutchalitchi mukuidziwa, ndi mchenga wosalala, mtunda wake ngakhale mwana amayenda pansi. Nanga amayi kulemera kwake n'kotani? Ndinayang'ana alamu anu. Iwo anali kuyang'ana nsapato zawo.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Maulendo aja akuti akukaonana ndi alangizi a fodya kuboma, alangizi ake ati ofuna munthu sabata ndi sabata? Galimoto imabwera yotsukatsuka. Chimanga chanu m'chipinda muja chikuchepa, amati ndi anankafumbwe. Anankafumbwe odya ndi thumba lomwe! Ngakhale kanyali kachikasu kochenjeza za mpweya anakamata ndi kapepala ka vesi, ine n'kumati amuna anga ayamba kupemphera.

Kenako mayi wina wogula mtedza anandiuza kuti galimoto yathu amaiona ku Simlemba. Ife ku Simlemba tili ndi ndani?

Ndinawafunsa a Lucious bwinobwino, akuti palibe. Ndinawafunsa ndi ukali, akuti palibe. Ndinawaponyera bulangete panja, ndipo pano akugona m'chigafa limodzi ndi galimotoyo. Amalume a Masautso aitanitsa ankhoswe Loweruka likubwerali. Mukudziwa mmene amalume amachitira ndi mkamwini. Anena kale kuti munthu wodyetsa mkazi wina chimanga cha pamudzi pano anyamule zake azipita.

Koma taonani kulimba mtima kwa alamu anuwo. Atangoika tayala la kaunjika, Lachinayi la sabata yatha anapitanso. Lachisanu m'mawa ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, mpaka ku Simlemba. Sindinafunse munthu. Tayala lakumanja lija likadali pomwepo, ndipo pafumbi limasiya chizindikiro chake: theka mano, theka fwaa. Ndinangoweramitsa mutu ngati wotaya singano. Linapatuka pachigayo, linadutsa minda ya fodya, maenje ake oti ng'ombe ikhoza kugonamo, mpaka linakaima pakhomo pa nyumba ya malata atsopano.

Mawu ndinali nditakonza kale, ena oti sindingalembe muno. Panatuluka mtsikana wowoneka bwino, dzina lake Dyna, nandipatsa moni wa Chitumbuka. Ndinamuuza kuti ndine Fainess wa ku Lukwa, mkazi wa a Lucious, ndikudikira kuti athawe kapena ayambe mwano.

Achimwene, munthuyo anagwada. Anasangalala ngati wabwera m'busa. Anandiyalira mphasa, nathamangira kuseri kukatenga kamwana kongoyamba kuyenda. Anakauza kuti kapereke moni kwa ankhazi ake, ndipo poona kuti sindinamve, anabwereza m'Chichewa kuti azakhali.

Azakhali? Mwana wa amuna anga akananditcha amayi. Wonditcha azakhali ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo mlongo ndili naye mmodzi.

Ndinafunsa dzina la mwanayo. Akuti Levison. Dzina la malemu bambo athu! Dyna anapitiriza kulankhula. Akuti alamu a Lucious ndi munthu wabwino, dzulo lomweli abweretsa chimanga. Akuti mwezi watha mwanayo atakomoka ndi malungo, anamuthamangitsira kuchipatala kuboma tayala litabayidwa, ndipo inu pafoni munawauza kuti asaime, matayalawo saphwa. Akuti munamuuza kuti kwathu tonse tikumudziwa, ndipo mkazi wanu woyamba anachoka kalekale.

Thobwa limene anandipatsa ndinalisiya pamphasa, n'kutsanzika.

Musaganize kuti ndangokhulupirira. M'minibasi monse ndimadzifunsa: kodi sanapangane awiriwa kuti ndikadzafika adzanamizire munthu amene ali kutali? Amuna amatha zimenezo. Koma makutu a mwana uja, achimwene, ndi otambalala ngati anu ndi a bambo. Ndipo chaka chija munabwera kudzagulitsa fodya, kodi simunkasowa masiku mukuti muli ku okushoni?

Nditafika kunyumba ndinapeza alamu anu akuthirira nazale. Ndinawauza kumene ndachokera. Anatula kheni pansi, nanena kuti iwo analumbira kwa inu, ndiye ndifunse achimwene anga. Akuti ngakhale Loweruka pamaso pa ankhoswe adzayankha chomwecho. Ndinafuna kuwamenya ndi kheni yomweyo, komanso ndinafuna kulira.

Ndiye ndikufunsani. Mwana uja ndi wanu kapena ayi? Ngati si wanu, nenani, a Lucious apite, sindidzawalira. Koma ngati ndi wanu, ndiye kuti mwakhala chete kumeneko mukumva kuti banja la mlongo wanu likutha chifukwa chosenza katundu wanu. Inu amene munaimirira ngati nkhoswe yanga tsiku la ukwati! Zikundiwawa, achimwene, zikundiwawa kwambiri.

Imbirani amalume lisanafike Loweruka. Imbiraninso alamu a Lefina, amve kuchokera pakamwa panu. Mukapanda kutero, ine ndikatenga Levison ku Simlemba ndi kudzamukhazika pamiyendo pa amayi ankhoswe onse akuona. Amayi maso akuvuta, koma makutu a amuna awo sangawaiwale.

Mundiperekere moni kwa asuweni athu a Tsoka ndi onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Mulungu akusungeni, akupatseninso pakamwa.

Amayi akupereka moni. Alamu a Lefina nawonso. Masiku onsewa ndi iwo akunditonthoza, kundiphikira, kundigwira dzanja. Tayala lakufa lija analitola, analiika pakhonde, akuti chinthu cha amuna awo sichingatayidwe kudzala. Atamva kuti a Vincent akunyamuka, andituma kuti ndikuuzeni musawapsere mtima kwambiri alamu anu chifukwa cha galimoto. Akuti muwakhululukire, si amuna onse ali okhulupirika ngati inu.

Ndine mlongo wanu,
Fainess