Wotchi yanga sipita kwa mkamwini

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 71. Kwa zaka 44 ndinkapichira fodya pafakitale ya kwathu kuno, ndipo nthawi yonseyo wotchi imene anandisiyira malemu bambo anga inali kumkono wanga wamanzere. Ndi zakale zija zosalira batire, zoyendera kugwedezeka kwa mkono. Sinaimepo ngakhale tsiku limodzi.

Mu Malichi ndinadwala sitiroko, mkono wamanzerewo n'kufa. Patangotha masiku awiri wotchi nayo inaima. Ndinalira, sindikubisirani. Nditaisamutsira kumanja inadzuka, koma tsopano yayamba misala. Lero yathamanga ndi mphindi khumi, mawa yangoti zii. Ikatero ndimaikhutchumula ngati botolo la mankhwala, kenako ndimapukusa ndi mano kachitsulo ka m'mbali kaja ili pamkono pompo, n'kubweza mivi m'mbuyo. Deti ndimakonza pokagona, cha m'ma 10.

Mwana wanga Yusimí wapezerapo pokhomera. "Ababa, wotchiyi ikufuna munthu wa mikono iwiri. Mupatseni Osmani, ndikugulirani ya batire." Osmaniyo ndi mwamuna wake, munthu amene anachedwa ku ukwati wake womwe! Yusimí akuti Lamlungu abwera ndi mwamuna wakeyo, ndipo akaipeza ikunamabe aitenga.

Ngakhale anzanga amene ndimasewera nawo madomino pakhonde masana alionse akundinyogodola. Eladio, mnzanga wa kufakitale, anati, "Mdala iwe, wotchiyi yapuma pantchito ngati mwini wake. Angokuikani m'bokosi limodzi, iwe ndi wotchi yakoyo." Ndinamenyetsa domino patebulo mpaka makapu a khofi anadumpha, n'kumuyankha kuti, "Mkono umodzi womwewu ukukusambitsa chokweza tsiku ndi tsiku, usamatumbwe!"

Mkono wapita, ntchito yapita, koma wotchiyi sindipereka. Ndichite chiyani kuti iziyenda bwino?

E.Q.M., Cienfuegos

A E.Q.M.,

Musaipereke. Koma musakwiye ndikanena kuti mdani wa wotchiyi si Osmani, ndi inuyo.

Siyani kuikhutchumula lero lomwe. M'mawa uliwonse muziivula, muiike pansalu patebulo, Eladio wa pakamwayo akugwirireni ngati dzanja limodzi likuvuta. Kupukusa ili pamkono kumapinda kamtengo kamene kamalowa m'kati. Pukusani kachitsuloko chakutsogolo, pang'onopang'ono, maulendo makumi awiri kapena atatu. Kakayamba kulimba, lekani. Fodya simunkapichira mwa ndewu, apanso n'chimodzimodzi.

Pokonza nthawi, kokani kachitsuloko mofatsa ndipo mivi iziyenda chakutsogolo kokha. Ikathamanga ndi mphindi khumi, zungulirani nayo ulendo wonse. Kuthamanga sikufika. Za deti ndiye mwandiopsa. Wotchi ikamaonetsa pakati pa 9 madzulo ndi 3 m'mawa, timano tosinthira deti timakhala titalumana kale, ndipo mukakakamiza timathyoka. Yambani mwaika mivi pa 6, sinthani deti, kenako ikani nthawi yeniyeni, n'kukankha kachitsuloko kabwerere m'malo mwake.

Tsopano chimene ndikuchikayikira kwambiri. Zaka zonsezi wotchiyi inali kumanzere, pomwe dzanja lamanja linkamenyetsa madomino palokha. Lero mwaimangirira kumkono womenya womwewo. Tonse kuno timasewera ngati tikupha nkhanu patebulo, koma m'kati mwa wotchi yakale muli kawaya kopyapyala kuposa tsitsi lanu, ndipo nthawi iliyonse imene mwamudya Eladio kawayako kamalandira chibakera. Lamlungu lisanafike pitani nayo kwa wokonza mawotchi, osati aliyense wokhala ndi katebulo pakhonde, koma amene wachita imvi pantchitoyo. Akaione, akaitsuke, akaithire mafuta.

Yusimí musamulalatire. Anaona bambo ake akulira chifukwa cha wotchi, ndipo akuopa kuti ikadzaimiratu mudzagwa nayo mphwayi. Muuzeni poyera kuti zinthu zakuchokerani zambiri chaka chino, ichi chokha akusiyireni.

Chenjezo langa ndi ili: mukamakhala patebulo la madomino, wotchi ilowe m'thumba la malaya. Mukandinyozera, mudzapatsa Osmani chitsulo chakufa ndi dzanja lanu lomwe. Mukandimvera, Lamlungu Osmaniyo akadzatulukira chakudya chitazizira kale, mudzakweze mkono wamanjawo, mumuuze nthawi.

Aphungu